Namwali Wotafuna Mphepo

Nyengo ya masau ikafika kwa Mphuka, pabwalo pa Amayi Dainess panalibe popondapo. Mphasa zinkayalidwa kuyambira pakhomo mpaka kukhola la mbuzi, zonse zodzaza masau oyanikidwa, ndipo wolondera anali Lúcia, mwana wa mlongo wawo Arlindo. Kulondera kwake sikunali kwa ndodo ayi, kunali kwa pakamwa. Mtsikana uja ankalankhula ndi mbuzi, ndi nkhuku, ndi aliyense wodutsa pa njinga, ndipo akasowa womuyankha ankadziyankha yekha. M'mudzi monse ankamutcha Wailesi. Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka zisanu, ndiye popeza Arlindo ndi munthu wokhalira pamadzi ndi maukonde ake, mwanayo anakulira m'manja mwa azakhali akewo. "Iwe, pumitsako lilime, lidzakuthothoka!" ankatero Amayi Dainess tsiku ndi tsiku, kwa zaka zisanu ndi zitatu. Lero mukawakumbutsa masiku amenewo amaseka, kenako amapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Amayiwa, amene anthu amawaitana kuti Amake Ackim potengera mwana wawo woyamba, anali mlangizi wa dzina. Atsikana a midzi itatu anadutsa m'manja mwawo. Koma mtima wawo unali ndi chilonda, chifukwa chinamwali chinali chitasanduka masewera. Masiku atatu basi, namwali foni ili m'chiuno, watuluka. Iwo pa nthawi yawo anakhala m'nyumba mwezi wathunthu, osaseka, osakweza maso, ndipo tsiku lotuluka ng'oma zawo zinayankhidwa ndi ng'oma za kutsidya la Zambezi. Abale, akayamba kusimba za tsiku limenelo, ngakhale ndiwo zinkapserera pamoto. Choncho analumbira mumtima kuti Lúcia yekha adzavinidwa ngati kale, anthu adzaone mwambo weniweni kamodzi iwo asanafe.

Chaka chimene Lúcia anali mu giredi seveni, masau atangoyamba kufiira, anadandaula mutu ndipo thupi linatenthako pang'ono. Amayi Dainess anapita naye kukiliniki. Kumeneko kunali nesi watsopano, Exildah, amene boma linamutumiza kuchokera ku Lusaka miyezi isanu ndi umodzi yapitayo. Anthu ankamuseka ndithu. Ankavala buluku, anali wosakwatiwa, nsomba iliyonse ankaitcha fishi, ndipo Chinyanja chake chinali cha m'tauni chosakanikira ndi Chibemba. Mnzake weniweni m'dera lonselo anali Wailesi, amene ankamupatukira pochokera kusukulu kukamuphunzitsa mawu a Chikunda ndi kumuseka akalakwitsa. Exildah anamubaya chala, malungo osapezeka. Anamupatsa panado nati, "Bamake Ackim, mukaona chilichonse chachilendo, mubwele naye futi." Mutu unaleka, nkhani inaiwalika.

Patapita milungu iwiri, mwana anasintha. Tulo tinamuthawa, m'mawa ankadzuka maso ali gwa ngati sanagonepo. Anatukwana mphunzitsi wake, mwana amene sanatukwanepo ndi galu yemwe. Kutchalitchi anaphulika kuseka ansembe akukweza mkate. Tsiku lina anaponya mbale pakhoma, nkunena kuti chiswe cha m'khomamo chikumuitana dzina. Ndipo mwezi womwewo anatha msinkhu.

Kwa Amayi Dainess zonse zinagwirizana bwino lomwe. Arlindo atabwera kuchokera kumtsinje anaima pakhomo akukanda m'mutu.

"Alongo, mwanayu si matenda awa? Maso ake sindikuwadziwa ine."

"Matenda a chiyani? Wakula uyu, magazi akuwira. Atsikana angati ndawaona akuchita mwano pa msinkhu umenewu? Sukulu ikangotseka alowa m'nyumba, milungu itatu. Adzatuluka munthu."

"Koma mwina tikanayamba tafunsa asisita aja."

"Iwe Arlindo, ine ndinayamba ndakuuzapo poponya ukonde? Za akazi zisiyire akazi."

Arlindo ananyamula nkhafi yake nabwerera kumsasa wa asodzi, kumene foni siigwira.

Sukulu itatseka mu Ogasiti, Lúcia analowetsedwa m'kanyumba ka kuseri, kumene mwamuna kapena mkazi wosavinidwa saloledwa kuponda. Masiku oyamba inali nkhondo. Ankakuwa, kuluma, kugubuduza chitseko, moti alangizi awiri othandiza anatsala pang'ono kuthawa. Amayi Dainess sanagwedezeke. Anapitiriza kuimba nyimbo zawo ndi kulangiza za ukhondo, za kugwada popereka madzi, za kusalowa kuchipinda kwa atate, za kusayankha akulu akamalankhula. Ndiye pa tsiku lachisanu ndi chimodzi, mwana anayamba kuzizira. Mawu anachepa, anatsala amodziamodzi, kenako anatheratu. Ankakhala pamphasa miyendo tambalale, mutu pansi, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Ha, chimwemwe chake cha amayi aja! Pa mwambo wathu namwali wabwino ndi wachete. Alangizi amamuyesa dala, amamuchitira nthabwala, amavina mopusa pamaso pake, ndipo akangomwetulira walephera. Lúcia sanamwetulire ngakhale kamodzi. "Amake Ackim, mwachita zodabwitsa," anatero mlangizi mnzawo. "Wailesi yeniyeni ija mwaizimitsa?" Chinthu chimodzi chokha chinali chachilendo. Pakamwa pa mwanayo pankangoyenda, milomo kupotoka, nsagwada kutafuna, chikhalirecho mulibe kanthu m'kamwa. Phala lomwe ankalandira masipuni atatu, lina nkumatsikira pachibwano. Koma nazonso anazipezera tanthauzo. Anati akutafuna mwambo, akumeza mawu amene kale akanawalavula.

Lachiwiri la mlungu wachitatu, Exildah anabwera m'mudzimo kudzakweza ana sikelo pansi pa mtengo wa mtondo. Atamaliza anakankha njinga yake mpaka kwa Amayi Dainess, chifukwa mwezi unali utatha osamuona mnzake. Mwatsoka kapena mwamwayi, anafika nthawi imene alangizi ankaperekeza namwali kubafa atamufunditsa chitenje. Mphepo inakweza chitenjecho. Exildah anaona nkhope yowonda, pakamwa potafuna, ndi zala zikupindikapindika zokha.

"Lúcia! Ndine Exildah. Wailesi, uniziba?"

Mwana sanaphethire nkomwe. Nesiyo anaiwala mwambo, anamugwira dzanja nalikweza m'mwamba, kenako analisiya. Dzanja linakhala m'mwamba momwemo, osatsika.

"Mwaona kumva kwake?" anatero Amayi Dainess akutuluka kukhitchini, monyadira ndithu. "Pamene wamuika ndi pomwepo. Koma Asisita, kuno simuloledwa."

"Bamake Ackim, napapata, uyu mwana ni wodwala maningi. Niuzeni, pambuyo pa mutu uja, analeka kugona?"

"Analeka, koma ndi msinkhu."

"Anasintha nkhalidwe? Kutukwana, kuona vinthu vamene kulibe?"

"Mwano wa atsikana umenewo, ndiye tauchotsa."

"Manje aleka kukamba, atafuna mphepo, kwanja kwauma so. Mukwai, ivi vonse vikabwela pamodzi motsatana, ni bongo. Ninaonapo mwana monga uyu ku Lusaka pamene nenze kuphunzila unesi. Bonse benze kukamba ati wafunta. Muziba asilikali ba mu thupi, baja bamene bamenya matenda? Nthawi zina basokonezeka, bayamba kumenya bongo wa mwine wake, bongo nkutupa. Ine sindine dokota, siningalumbile. Koma ngati ndiye iyi, mankhwala yaliko, ndipo yafunika manje manje. Chotsatila ni kugwa monga wa khunyu, olo kuleka kupema."

Amayi Dainess anamanga chitenje chawo bwinobwino, anamuyang'ana mtsikanayo kuyambira kunsapato mpaka kutsitsi.

"Asisita, ndifunseko. Kodi inu munavinidwa?"

Exildah anayang'ana pansi. "Iyayi."

"Nanga mwambo umene simunaulowe, nkhope yake muidziwa bwanji? Munamubaya chala nokha, munati alibe malungo. Lero mwabwera ndi asilikali. Inu a ku Lusaka mukaona mwana waulemu mumati wadwala, chifukwa simunamuonepo. Atsala masiku anayi. Loweruka akatuluka, mudzamukweze sikelo mmene mungafunire."

Alangizi aja anaseka mpaka kugwirana mapewa. Exildah anachoka misozi ili m'maso. M'mawa mwake anabweranso, anamubweza pampanda. Anatuma uthenga kwa Arlindo kudzera mwa ogula nsomba, koma uthenga wa pabwato umafika tsiku limene wafuna wokha.

Kunena zoona, mawu a nesi aja sanapite pachabe. Lachinayi, pomusambitsa, Amayi Dainess anaona kuti nthiti za mwanayo zikuwerengeka, ndipo atamuitana ndi dzina la paubwana limene mayi ake ankamuitana nalo, diso silinatembenuke. Koma thobwa linali litaphikidwa, oimba ng'oma ataitanidwa, achibale a kwa Mburuma ali kale m'njira wapansi. Akanauza chiyani anthu? Kuti mlangizi wamkulu watulutsa namwali masiku asanakwane chifukwa cha mawu a kamtsikana ka buluku? Anadziuza kuti masiku awiri si chaka.

Loweruka linacha bwino. Ng'oma zinalira, nthungululu zinamveka mpaka kumadimba, ndipo kwa kanthawi Amayi Dainess anabwerera ku utsikana wawo. Zonse zinali ngati kale, fumbi, nyimbo, amayi okalamba akuvina ndi ndodo zawo. Namwali anatulutsidwa atavala chitenje chatsopano, anakhazikidwa pamphasa pakati pa bwalo, mutu pansi. Anthu anabwera mmodzimmodzi kudzaika mphatso ndi kumuyesa ndi nthabwala, koma iye zii. "Uyu ndiye namwali!" ankatero. "Tinaiwala kuti zimakhala chonchi."

Arlindo anafika ng'oma zili pakati, matope a kumtsinje ali m'miyendo. Anagwada pamaso pa mwana wake, anasuzumira nkhope yake, ndipo anaona dovu likutsika pachitenje chatsopano chija. Asanatsegule pakamwa, Lúcia anauma thupi lonse, anagwa chagada, nayamba kuphupha.

Bwalo linabalalika. Kwathu kuno ambiri amakhulupirira kuti malovu a munthu wakugwa amapatsira, ndiye amene ankaimba mokweza ndi amene anathawa patsogolo. Wina anakuwira patali kuti amuike sipuni m'kamwa. Amayi Dainess anangoima, manja ali m'mutu, nzeru zonse za zaka makumi atatu zitawathawa. Amene anadutsa pakati pa anthu othawawo anali Exildah. Kuyambira m'mawa anali ataima kuseri kwa mpanda ndi chikwama chake, wosaitanidwa, ndipo a ambulansi anali atawachenjeza kale dzulo lake. Anamugoneka mwanayo chammbali, anakana za sipuni, anamupatsa mankhwala oletsa kuphupha, napukuta malovu aja ndi dzanja lake. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangoti, "Bamake Ackim, tengani bulangeti na zovala vake, muyenda naye ndimwe."

Kuchipatala cha mishoni anakhalako masiku awiri. Madokotala atamva zimene nesi analemba, anamutumiza ku Lusaka. Amayi Dainess, amene moyo wawo wonse sanapitirirepo pa Buliji, mlatho wa pamsewu wa ku Lusaka, anaona mapiri akudutsa pawindo la ambulansi atagwira phazi lozizira la mwana.

Ku Lusaka anawauza kuti afunika kutenga madzi a mumsana. Mayo! Ndani kwathu sadziwa mbiri yoti jakisoni ya pamsana imapha? Anakana kawiri. Kenako anatuluka pakhonde, anabwereka foni kwa mayi wina wodwazika mwana, naimbira munthu yekhayo amene tsopano ankamukhulupirira.

"Asisita, ndine. Akuti amubaye pamsana. Nditani?"

"Vomelani, mayo. Siipaya iyo. Bantu bafa chifukwa babwela mochedwa, osati chifukwa cha nyeleti."

Anavomera. Dokotala wa ana, bambo wofatsa wa magalasi, anawakhazika pansi nawafunsa mafunso omwe aja a Exildah, mwa ndondomeko yomweyo, ndipo lililonse yankho linali inde. Atafunsa kuti zinayamba liti, amayiwo anawerenga pa zala nafika milungu isanu ndi iwiri.

"Matendawa amabisala m'khalidwe la mwana," anatero dokotalayo. "Saoneka ndi kutentha thupi kwambiri, saoneka pa zoyezera malungo. Makolo ena amati misala, ena ziwanda, ena amati mwano."

"Ine ndinati ulemu," anayankha Amayi Dainess ndi mawu otsika.

Dokotala anavula magalasi nawapukuta. Anati mankhwala ogonetsa asilikali osokonezekawo alipo ndipo ayamba tsiku lomwelo, ana ambiri amachira. Koma anawonjeza kuti ubongo ukatupa nthawi yaitali umachedwa kubwerera, ndipo zina zimatsalira m'njira.

Anakhala m'chipatalamo miyezi itatu. Diripu inkatha, ina kulowa. Mlungu wachiwiri mwana anasiya kupuma bwino, anamuika pa makina masiku asanu, Amayi Dainess akupemphera korona pakhonde mpaka mikanda kuwatupitsa zala. Pang'onopang'ono kutafuna kuja kunaleka. Zala zinagona. Tsiku lina masana, akumupukuta kumaso, anamva kamawu kokhwinyata kakuti, "Anti, madzi." Anathamanga wodi yonse akuuza aliyense, ndi okolopa omwe.

Exildah ankaimba foni Lamlungu lililonse. Kangapo konse Amayi Dainess anafuna kupepesa, koma ankati kupepesa kwa pafoni ndi kwa ana a masiku ano, munthu wamkulu amapita yekha, kugwada, kuomba m'manja. Anabwerera kumudzi mvula yoyamba itagwa. M'mawa mwake anagwira tambala woyera, anavala chitenje cha kutchalitchi, ulendo wa kukiliniki. Anapeza pakhomo pa nyumba ya nesi payanikidwa matewera. Mayi wachilendo anatuluka nawauza kuti Sisita Exildah anasamutsidwa milungu iwiri yapitayo, apita kutali kumpoto, ndipo nambala yawo yakale siikugwiranso kumeneko. Amayi Dainess anaima pamenepo nthawi yaitali. Anabwerera naye tambala uja ali m'khwapa, ndipo mpaka lero mawu amene anakonza sanawanene kwa mwini wake.

Lúcia anachira, tithokoze Mulungu. Anabwereza giredi seveni ndipo anakhoza. Koma amalankhula pang'onopang'ono, amayamba wafunafuna liwu asanalitchule, ndipo akatopa amangokhala. Ana amene akukula tsopano sadziwa nkomwe chifukwa chake akulu ena amamutcha Wailesi.

Lamlungu lina masana, azakhali ake akumuluka tsitsi pakhonde, mtsikanayo anafunsa mwadzidzidzi.

"Anti, anzanga akuti ine ndinavinidwa. Ndi zoona?"

Manja a Amayi Dainess anaima. "Sukukumbuka?"

"Ndikukumbuka tikupita kukiliniki mutu ukundiwawa. Kenako ndikukumbuka denga loyera la ku Lusaka. Pakati palibe kanthu."

"Nyimbo zija? Zonse ndinakuuza m'nyumba muja, milungu itatu?"

"Ngakhale imodzi." Anafunafuna mawu. "Koma akuti ndinali namwali wabwino kuposa onse. Akuti sindinaseke, sindinayankhe. Ndinakusangalatsani, eti Anti?"

Amayi Dainess anasiya chipeso, chinagwa pansi. Anazungulira, anagwada pa dothi patsogolo pa mwana wa mlongo wawo, iwo amene anaphunzitsa midzi itatu kuti wamng'ono ndiye agwadira wamkulu.

"Unkafa, mwana wanga," anatero akulira poyera. "Unkafa pamaso panga, ine ndikuomba m'manja. Amene anakuona ndi mlendo uja ndinamuthamangitsa pampanda."

Lúcia anawagwira mutu nawutsamiritsa pa maondo ake, tsitsi lake lili lolukidwa mbali imodzi, ndipo anakhala choncho mpaka mbuzi zinayamba kubwerera kukhola.

Amayi Dainess ankamudziwa mwanayo kuyambira ali kumsana, ankaudziwa mwambo mpaka ku mizu yake, koma chimene chinkamudya anachidziwa ndi mtsikana wa buluku amene sankatha ndi kutchula dzina la nsomba. Akuluakulu sananame pamene anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.